Mlandu wa Monita Yakuda pa Bwalo la ku Kapata

Kapaso anaomba m'manja katatu, anthu n'kukhala pansi, amayi pamphasa kumanzere, abambo pa njerwa ndi pa mabenchi obwereka kutchalitchi. Amfumu anafika mochedwa monga mwa ulemu wawo. Musavutike kuwafunafuna pa mndandanda wa mafumu a boma amfumu amenewa. Ndi a bwalo lathu la pansi pa mango kuseri kwa msika wa Kapata, kumene milandu ya mbuzi zodya chimanga cha eni imatha dzuwa lisanafike paliwombo. Wa Lachitatu limeneli unafika mpaka nkhuku kulowa m'khola.

Patebulo pakati pa bwalo anandandalikapo oimbidwa mlandu: monita ya mainchesi 19, laputopu yong'aluka galasi, chingwe cha mitu iwiri yabuluu, ndi kaadaputala koyera. Pambali panali mpando wopanda munthu.

"Nkosi!" inayamba motero nduna yaikulu, chipewa chili m'manja. "Odandaula ndi mai awa a kashopu kotaipa makalata ndi fotokope pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Akuti Lachinayi anatseka bwinobwino, Lachisanu m'mawa monita yakana. Abwera kuti bwalo liwauze wawalodza ndani."

"Nduna, mawu amenewo abwezeni m'kamwa," anatero amfumu. "Dziko lino lili ndi Witchcraft Act, Chapter 90. Wotchula mnzake mfiti ndiye amayamba kulawa ndende. Mai, tiuzeni zimene munaona ndi maso. Za kumaloto zitsale kunyumba."

Mai aja anagwada n'kumanga chitenje.

"Zikomo amfumu, zikomo nduna ndi bwalo lonse. Laputopu iyi ndinakaigula ku Lusaka, ku Town Centre. Wogulitsayo anati yachokera ku UK, mwini wake anali mzungu wachikulire amene sankaigwiragwira."

Bwalo lonse linafa ndi phwete, pakuti malaputopu onse a salaula mu Chipata muno anali a mzungu yemweyo.

"Musaseke, ndi ndalama zanga. Chaka chatha mwana anaikhalira, galasi lake n'kung'aluka. Onani nokha: kumanzere konse kuli bii, kwatsala kachigawo ka zala zinayi kumanja. Ndiye maso anga ndi monita iyi. Wofuna CV amaonera pomwepa, wa kalata yofunsira ntchito pomwepa, wa TPIN pomwepa, ana a Grade 12 zotsatira za mayeso pomwepa. Lachisanu ndayatsa, kagetsi kake kali lalanje m'malo mwa buluu, pagalasi kabokosi kakungoyendayenda kolembedwa No Signal. Ndazimitsa, ndayatsanso. Ndaiwomba kambama pang'ono, osati kopweteka. Ndaitana amai a chigwirizano adzapemphere. Ayi ndithu. Makasitomala anga ndikuwaona ndi maso angawa akuwoloka msewu kupita kwa bambo uja watsegula shopu mwezi wathawu. Ine sindikutchula munthu, amfumu. Ndikungoti Lolemba anandipatsa moni kawiri."

Bambo woloza popanda kutchulidwayo anaimirira ali thukuta kamukamu. Anati moni woyamba unali wa m'mawa monga anthu amachitira, wachiwiri ankafuna stepula yake imene mai aja anabwereka, koma anachita manyazi kuitchula. Stepulayo inalembedwa ngati mlandu wina wodzakambidwa mtsogolo.

Kenako anaitana mnyamata wokonza mafoni wa mumsika, amene pachikwangwani chake analemba kuti ndi injiniya. Ndiye anali woyamba kuipima monitayo.

"Unaipeza ndi chiyani?" inafunsa nduna.

"IC yapsa, Nkosi."

"Unaitsegula?"

"Ayi. Ndinainunkhiza."

"Unachita chiyani china?"

"Ndinauzira mpweya pabowo la chingwe. Kawiri."

"Ndipo unalandira zingati?"

"K150 ya kuona chabe. Koma ndinawachitira chifundo, ndinati popeza yafa, andigulitse K100 ndichotsemo masipeya."

Amfumu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati pabwalopo panali wina wodziwa za makompyuta kupyola kununkhiza. Anadzuka mtsikana wina, mphunzitsi wa Computer Studies pasukulu ina ya sekondale m'tauni momwemo, wochokera ku Kopala. Nduna itangomva kalankhulidwe kake inagwira kumutu.

"Nkosi, tafika poti Mbemba aphunzitse Angoni pa bwalo lawo? Anthu ogwira m'matumba, chenjerani, mbuya walowa."

"Matumba anu mulibe kanthu, ambuya," anayankha aphunzitsiwo. "Ndabwera kudzakuwombolani monga mwa nthawi zonse."

Chimbuya chitatha, aphunzitsi anati mlandu wa mtundu uwu sauyambira kwa munthu amene ukumuda. Amauyambira pakhoma, pasoketi, n'kumatsata chingwe pang'onopang'ono mpaka kukafika m'mimba mwa kompyuta, ndipo aliyense wopezeka wosalakwa amamumasula nthawi yomweyo. Anakoka magetsi ku babashopu yapafupi ndi ekisitenshoni zitatu zolumikiza, ina yomangidwa ndi pepala la shuga.

Wina kumbuyo anakuwa kuti asataye nthawi, wolakwa ndi a magetsi. Amfumu anakweza dzanja. Anati n'zoona, mu 2024 madzi atachepa ku Kariba anthu ankagona ndi mdima n'kudzuka nawo, mpaka tinazolowera kuti chilichonse chikazima, ngakhale mbaula, timaloza komweko. Koma kagetsi kalalanje kaja kakuyaka pamaso pa onse, ndiye a magetsi lero apume.

Monita inapatsidwa mpata.

"Nkosi, ine sindiganiza. Ndimaonetsa zimene ndapatsidwa. Akandipatsa CV yabodza ndimaonetsa, akandipatsa chithunzi cha ukwati ndimaonetsa. Lachisanu lija sanandipatse kanthu, ndipo ndinanena poyera kuti sindikulandira kanthu. Mawu aja akuti No Signal analemba ndani? Ndine. Kodi wakufa amalemba? Ndikanapsa ine, galasi likanangoti zii, popanda ngakhale kabokosi. Pa kunena zoona kumeneko ndalandira makofi, ndathiridwa madzi odalitsa, ndipo ndatsala pang'ono kugulitsidwa K100."

Aphunzitsi anadina kabatani kapansi pa monitayo kuti aone khomo limene ikumvera, chifukwa mamonita ambiri ali ndi makomo awiri kapena atatu, ndipo wopukuta fumbi akhoza kuisinthira ku khomo lopanda chingwe osadziwa. Inali pa VGA, pamalo pake. Atatero anapempha kuti pabwere kompyuta ina yoti ayesere. Yapafupi inali ya bambo wa moni kawiri uja. Anakana, anakanitsitsa, koma kapaso anali atapita kale ndi wilibala.

Atangolumikiza, monita inawala ngwee. Ndipo pagalasi, pamaso pa bwalo lonse, panatuluka kalata imene bamboyo anaisiya pakati usiku wathawo, yopempha ngongole ya K2,000 kuti alipire lendi ya shopu. Anthu anawerenga mokweza mpaka pa "ine wanu wovutika".

"Mfiti yanji yopempha ngongole?" anafunsa gogo wina pamphasa. Mai odandaula anayang'ana pansi n'kuyamba kutola timiyala.

Chingwe sichinadikire kuitanidwa.

"Ine ndine VGA. Mtundu wathu unabadwa mu 1987 ku IBM, Kaunda akadali ku State House. Mano anga ndi 15, awerengeni, palibe lopindika. Ana a masiku ano amangosomekedwa n'kuzuka okha munthu akatsokomola, ine ndimamangidwa ndi masikuluwu awiri. Mwaona nokha kuti ndanyamula kalata ya ngongole ija popanda kutaya chilembo."

Kaadaputala kanalankhula motsitsa mawu. Kanati ntchito yake ndi kulandira chithunzi kuchokera pa HDMI ya laputopu, ya mano 19, chimene chimabwera m'manambala, n'kuchisandutsa mafunde amene agogo a VGA amamva. Kanavomera kuti abale ake ambiri otchipa amafa msanga, ndiponso kuti kamagwira mbali imodzi yokha, moti wokatembenuza asakadandaule kwa amfumu. Aphunzitsi anakasomeka pa laputopu yawo imene anali nayo m'chikwama, monita n'kuwalanso. Atatu anamasulidwa. Panatsala laputopu ndi mpando wopanda munthu uja.

"Lachinayi anatseka shopu ndani?" anafunsa aphunzitsi.

Panali kachetechete, kenako anadzuka mnyamata wamtali, mwana wa achemwali awo a mai aja, amene amathandiza pa fotokope poyembekeza malo ku koleji.

"Ndine, Nkosi. Kompyutayo inakhala miyezi ikundivutitsa. Ukayatsa, uthenga: Windows 10 yatha nthawi, samukirani ku 11, n'kwaulere. Ndikatseka, mawa wabweranso. Tsiku limenelo ndinatopa, ndinangodina. Ndinaisiya pa chaja n'kupita kukaonera mpira."

"Iwe!" anakuwa mai aja. "Ndiye bandulo yanga ya mwezi wonse inathera kumeneko? Ine n'kumatukwana a netiweki kuti ndi akuba?"

"Inati n'kwaulere, mai aang'ono."

"Chaulere chimadya magigabaiti a mayi wako?"

Amfumu analamula bata n'kufunsa kapaso ngati anapereka samani kwa mwini mpando uja, a Apudeti, amene anasamutsira kompyutayo ku Windows 11 usiku uja. Kapaso anati anayesetsa. Anafunsa ku positi ofesi, anamuuza kuti kwawo kwa munthuyo ndi ku Redmond, m'chigawo cha Washington ku America, ku likulu la Microsoft. Anapita kwa wanjinga pa siteji. Wanjingayo anafunsa ngati kumeneko n'kupitirira Mtenguleni, ndipo atamva kuti n'kutsidya kwa nyanja ya mchere anati awonjezere K5. Bwalo linali lisanamupatse ya ulendo, choncho anabwerera.

Aphunzitsi anati palibe chifukwa chovutitsa wanjinga, woimbidwa mlanduyo ali m'laputopu momwemo, wakhalamo masiku onsewa. Anaiyatsa. Pa kachigawo ka zala zinayi kaja panaoneka timadontho tozungulira ndi mawu opempha kuti anthu adikire ndipo asazimitse kompyuta. Bwalo linadikira. Ogulitsa vitumbuwa anazungulira kawiri. Amfumu anatsinzina, nduna n'kulengeza kuti akusinkhasinkha. Mthunzi wa mango utasuntha mpaka anthu kusuntha nawo mabenchi, a Apudeti anayankhula, ndi mawu osalala a munthu amene sanayambe wakwerapo minibasi.

"Moni nonse. Tikukukonzerani zinthu."

"Pano sakonza, pano amayankha," inatero nduna. "Munalowa m'shopu ya mai awa usiku?"

"Ndinalowa. Koma akulu anu omwe amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ine ndimabwera kudzatseka ziboo zimene akuba a pa intaneti amalowera. Mukumbuke mu Meyi 2017, kachilombo kotchedwa WannaCry kanagwira makompyuta m'mayiko oposa 150, zipatala za ku England mpaka kubweza odwala. Chigamba chotseka chiboo chimenecho chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anandikana pakhomo ndiwo analira."

Apa ngakhale ine ndinagwedeza mutu, chifukwa pa mfundo imeneyi mkuluyu sananame.

"Kalumo tamva," inatero nduna. "Koma munaodira?"

"Ndinaodira m'malemba. Panali chikalata cha mgwirizano, ndipo mnyamatayu anadina kuti wavomera."

Amfumu anafunsa bwalo lonse kuti amene anawerengapo chikalata chotere mpaka kumapeto, pa foni kaya pa kompyuta, akweze dzanja. Palibe anakweza. Aphunzitsi anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango.

Nduna yachiwiri, imene imamvera wailesi usiku wonse, inadzuka ndi ukali. "Si inu nomwe pa 19 Julayi 2024 munagwetsa makompyuta 8.5 miliyoni, ndege n'kulephera kunyamuka, mabanki n'kutseka mawindo?"

"Ameneyo sindine. Anali apudeti wa kampani ina, CrowdStrike. Tingofanana ntchito."

"Onse amatero," anatero gogo uja.

Mnyamata wina wa bungwe lina lothandiza anthu, wa kiyi wa galimoto pa lamba, anaponyapo mawu kuti n'chifukwa chake iye amagwiritsa ntchito Apple, ilibe zopusa zoterezi. Aphunzitsi anamukumbutsa kuti mu Malichi 2018 apudeti ya macOS 10.13.4 inazimitsa mamonita a anthu ambiri olumikiza kudzera pa DisplayLink, ndipo anadikira miyezi kuti zikonzeke. Mnyamatayo anakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Tsopano aphunzitsi anakhala pampando, laputopu pamiyendo, kapaso atawaphimba ndi ambulera kuti aone bwino. Ntchito yonse inayenera kuchitikira pa kachigawo kowala kaja, ndiye windo lililonse likatseguka kumdima ankalikoka ndi chala mpaka lifike kumanja, n'kumawerenga mawu theka theka, mutu uli chopendekera. Anayamba ndi zopepuka. Anadina batani la Windows pamodzi ndi P, pamene pamatuluka zosankha zinayi: galasi la laputopu lokha, Duplicate yoonetsa zofanana konsekonse, Extend yotambasula, ndi galasi lachiwiri lokha. Anati anthu ambiri amalipira okonza pamene vuto lili pomwepa. Anasankha Duplicate. Monita inangoti duu. Anadina mabatani anayi nthawi imodzi, Windows, Ctrl, Shift ndi B, amene amadzutsa mbali yoyendetsa zithunzi. Laputopu inalira kamodzi, monita osasuntha. Analowa mu Settings, System, Display, n'kudina Detect kuti kompyuta ifunefune galasi lina. Inayankha kuti sikuona wina aliyense, chonsecho monitayo ili pambali pake, chingwe chili chomangirira.

"Yayamba kukana abale," inatero nduna.

Atatsegula Device Manager n'kufika pa Display adapters, aphunzitsi anaomba m'manja kamodzi.

"Nkosi, wapezeka. Ndiloleni ndifotokoze chonchi. Pabwalo pano pakabwera Mtumbuka wa ku Lundazi wosamva chinenero chathu, mumaitana womasulira. M'kompyuta namonso muli kachipangizo kojambula zithunzi, ndipo Windows siyankhula nako mwachindunji. Pakati pawo pamakhala kapulogalamu komasulira, dzina lake dalaivala. Pamzere uwu pamayenera kulembedwa Intel UHD Graphics 620, dzina la kachipangizo ka laputopu ino. Taonani palembedwa chiyani: Microsoft Basic Display Adapter. Ameneyu ndi wongogwirizira. Amadziwa moni ndi zikomo basi. Galasi limodzi amaliyendetsa movutikira, lachiwiri sadziwa n'komwe kuti liliko. A Apudeti posamutsa nyumba kuchoka ku 10 kupita ku 11 anasiya womasulira wakale panja."

"Mwamva?" anatero amfumu. "Womasulira wa mai awa munamuika kuti?"

"Sanali woyenera nyumba yatsopano," anayankha a Apudeti. "Wina watsopano anali m'njira, ndikanamutsitsa usiku womwewo. Bandulo yawo inathera pakati."

"Anaimaliza ndani?"

"Ineyo."

Phokoso limene linabuka apa linachititsa ometa ku babashopu kutuluka ndi makasitomala ometedwa mbali imodzi. Ine pa mlandu wonsewu mfundo imene inandikhala pamtima ndi imeneyi. Amene amapanga zinthuzi amaganizira munthu wa intaneti yosatha ndi magetsi osazima, amene kompyuta yake ikhoza kugona ikumwa usiku wonse. Kuno intaneti timagula ngati mafuta ophikira a m'kapulasitiki, a lero lokha, ndipo ntchito imene kwawoko imatha yokha munthu ali mtulo, kwathu imaima pakati n'kusiya mayi wa ana anayi akuloza anansi.

Aphunzitsi anati nthawi zambiri, dalaivala akangosinthidwa ndi wina wosamvana ndi monita, mankhwala ake ndi batani la Roll Back Driver limene limabweza wakale. Analipeza lili lotuwa, losadinika, chifukwa wakaleyo sanasungidwe. Anati ikanakhala apudeti yaing'ono ya pamwezi akanaichotsa pa Uninstall updates. Pa kusamuka kwakukulu chonchi njira ndi Go back, pansi pa Recovery, imene imabwezera kompyuta ku Windows 10 monga inalili.

"Basi dinani imeneyo tizipita," anatero amfumu.

"Imagwira masiku 10 okha, Nkosi. Lero ndi la 13."

Anawerengera pamodzi. Masiku awiri anathera kwa wonunkhiza, atatu ku mapemphero. Mai aja anadzasuma Lachitatu lapitalo, nthawi ikadalipo, koma bwalo silinakhale poti nduna zonse zinapita kukalondola feteleza wa FISP.

"Mlandu suola," inadziteteza nduna yaikulu.

"Uwu umaola, ambuya. Pa tsiku la 11."

A Apudeti anawonjezapo okha, osafunsidwa, kuti ngakhale akanabwerera, ku Windows 10 eni ake anasamukako. Inatuluka mu Julayi 2015, ndipo chisamaliro chake chinatha pa 14 Okutobala 2025, kupatula amene analembetsa chaka chowonjezera chofika mu Okutobala 2026. Bambo wa moni kawiri anafunsa mwamantha za kompyuta yake, imene inali ikadali mu wilibala. Aphunzitsi anaisuzumira n'kumuuza kuti asaope kusamutsidwa usiku: Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi pulosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, ndipo yakeyo ndi yakale kuposa pamenepo. Bamboyo anamwetulira. Anamuuzanso kuti tanthauzo lake n'lakuti ziboo zake palibenso adzazitseke. Kumwetulira kunathera panjira.

Amfumu anakhala chete kanthawi, ulendo uno ali maso.

"Ndiye kuti makina awa amafika kwa ife eni ake atatopa nawo, koma lamulo lake limatsala komweko. Wa makina okalamba amusiya pamtetete, wa makina apakati amusamutsa usiku. Ife tingolipira. Aphunzitsi, palibe njira yomutulutsiramo munthuyu?"

"Khoswe wakhala pamkhate, Nkosi. Mukamuponya mwala mwaswa laputopu. Chimene tingachite n'kuitana womasulira woyenera."

Anatembenuza laputopu n'kuwerenga nambala ya modelo pa kapepala kapansi, kofufutika theka. Anati dalaivala azitengedwa pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo, kapena kwa Intel, osati pa masamba aja olonjeza kukonza madalaivala onse ndi batani limodzi, chifukwa ambiri a iwo ndiwo akuba amene a Apudeti amanena. Vuto linali bandulo. Fayiloyo inali ya mamegabaiti mazana angapo. Chipewa cha nduna chinayenda m'bwalo, munagwa makoini, ma K2 ndi chitumbuwa chimodzi. Foni ya nduna yachiwiri ndiyo inasankhidwa kupereka intaneti, ndipo popeza netiweki imakoka bwino chakumsewu, kapaso anaimirira pa benchi foni ili m'mwamba mpaka mkono kuchita dzanzi. Asanayambe, aphunzitsi anatchera kuti kulumikiza kumeneko ndi Metered connection, kutanthauza intaneti yoyezera, kuti a Apudeti asayambenso kumwa za anthu osauka mwakachetechete. A Apudeti anati zofunika kwambiri azitengabe. Palibe anawayankha.

Fayilo inatsika, anaiika, laputopu inazima n'kuyakanso. Kachigawo ka zala zinayi kanaphethira kawiri. Kagetsi ka monita kanachoka pa lalanje kupita pa buluu, ndipo galasi lonse linadzaza ndi chithunzi cha mai odandaula atavala za chigwirizano, chimene anachiika kumbuyo kwa mafayilo awo. Nthungululu zinamveka mpaka ku siteshoni. Wonunkhiza uja anauza oyandikana naye kuti mpweya wake wayamba kugwira ntchito tsopano.

Nduna zinapita kuseri kwa mtengo kukapangana, zinabwerako, amfumu n'kukonza kukhosi.

"Bwalo lamva mbali zonse. Monita, chingwe ndi adaputala alibe mlandu, ndipo mai mupepese monita chifukwa cha kambama kaja. Iwe wonunkhiza, bweza K150 lero lomwe, ndipo mawu akuti injiniya uwafute pachikwangwani, ulembepo zimene umachitadi. Mai, bambo awa munawaloza ndi diso ngakhale simunawatchule. Muwapatse nkhuku, ndi stepula yawo.

"A Apudeti, bwalo lakupezani olakwa pa milandu itatu: kulowa usiku, kuchotsa womasulira popanda kusiya wina, ndi kudya bandulo ya mwezi wathunthu. Tikanakuthamangitsani m'mudzi muno mpaka kalekale, koma aphunzitsi atiuza kuti batani la Pause updates limafika milungu isanu yokha, ndiponso kuti mukachokeratu akuba alowa. Choncho mwapirikitsidwa milungu isanu. Pobwera muzibwera masana, shopu itatseka mabuku, bandulo ilipo, mafayilo atasungidwa pa fulashi, ndipo mai awa akadzuka monita itada, asadikire masiku 13."

A Apudeti anathokoza bwalo, nati ana awo ang'onoang'ono amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, 10 koloko m'mawa nthawi ya kwawo, kuno ili 19 kapena 20 hours, ndipo milungu isanuyo ikatha adzabwera onse pamodzi.

"Pa milandu itatuyo mulipa mbuzi imodzi," anapitiriza amfumu.

"Ndilibe mbuzi, Nkosi. Ndilibe ngakhale thumba."

Nduna zinabwereranso kuseri kwa mtengo. Sizinachedwe.

"Mwambo ulipo," anatero amfumu. "Mlendo akalakwa m'mudzi, amalipa ndi amene anamutsegulira chitseko. Mnyamata, mbuzi ili pa iwe."

"Ine sindili pantchito, Nkosi. Ndimadya kwa mai aang'ono."

"Mwana akalakwa amalipa ndi womusunga. Mai, mbuziyo mugula ndinu. Popeza wolakwiridwa ndinunso, mudzailandira nokha, kupatula mwendo wathako ndi chiwindi, zimene ndi za bwalo, ndi mutu wa kapaso chifukwa cha mkono wake. Aphunzitsi, poti ndinu mbuya, malipiro anu ndi ulemu umene takupatsani polankhula pamaso pa Angoni. Wosakhutira akachite apilo ku Redmond, wanjinga wanena kale mtengo. Mbuzi ifike Loweruka m'mawa, ndipo ikhale yonenepa."